Sitauti wogona m'mgolo: kodi wawonongeka?

FUNSO: Mlamu wanga anandibweretsera mabotolo awiri a sitauti kuchokera ku America. Akuti mowawo unagona chaka chathunthu m'mgolo wa bourbon. Limodzi ndinalisiya mufiriji mpaka linazizira kwambiri. Nditathira m'tambula, thovu linali lochepa, mowa wakuda bii, wolemera ngati thobwa, fungo ngati la kachasu. Ndinangolawa kamodzi n'kukhuthula. Kodi unawonongeka panjira? — Bambo wa ku Zomba

YANKHO: Bambo, mwandiwawitsa mtima ndi kukhuthulako. Botolo latsalalo lisungeni, chifukwa zonse mwatchulazi ndi mmene mowawu umakhalira.

Bourbon ndi wiski wa ku America, ndipo lamulo lakumeneko limati azisungidwa m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak yowauka mkati. Mgolo ukagwira ntchito kamodzi, eni ake amaugulitsa. Ofulula mowa amathiramo sitauti, ndipo wiski amene analowerera m'matabwa amatulukira mumowamo. Fungo la kachasu lija likuchokera pamenepo. Anatchukitsa kafululidwe kameneka ndi a Goose Island a ku Chicago m'zaka za m'ma 1990, ndi mowa wawo wa Bourbon County Stout. Ukali wa mowa wotere umafika 13 kapena 14 peresenti, ndipo mowa waukali chonchi sugwira thovu.

Munalakwitsa ndi firiji ija. Kuzizira kumatseka fungo labwino, n'kutsala ukali wokha. Botolo latsalalo mukaliika mufiriji, mukalitulutsa lidikire mphindi 20 kapena 30, lifike cha pa madigiri 12. Thirani theka la tambula, zunguzani pang'ono, nunkhizani musanamwe. Ine ndimayamba kufunafuna vanila ndi kokonati, zomwe zimachokera ku mtengo, kenako khofi ndi chokoleti zochokera ku chimera chokazinga. Pomaliza pamabwera kakomedwe ka shuga wopserera, ngati kam'munsi mwa poto. Wofululidwa bwino amatenthetsa pachifuwa pang'onopang'ono. Akakuwotchani pakhosi mpaka osamvanso china, kapena akatsekemera mokola ngati manyuchi, ameneyo sindimupatsa ulemu, kaya adule bwanji.

Wowonongeka mudzamudziwa: amawawasa ngati viniga, kapena kununkha katoni yonyowa, nthawi zina thovu n'kusefukira mukangotsegula.

Ndipo musamwe nokha botolo lonselo ngati Green wa Loweruka masana. Itanani mlamu wanuyo mugawane, mutadya kale, makiyi a galimoto ali kwa mayi a kunyumba.