Milungu iwiri sikwana kuti wolemba mapulogalamu watsopano azolowere

Achimwene, mwafunsa ngati milungu iwiri ikukwana kuti mnyamata wongomaliza ku Mzuni azolowere ntchito pa kampani yaikulu. Ayi ndithu, mpatseni miyezi 3, ndipo ngati code (malemba opanga pulogalamu) ya kampaniyo ndi yakale komanso yopanda zolemba zofotokoza, mpaka 6.

Sabata yoyamba imathera pa laputopu, akaunti ya Git (posungira code), VPN (njira yotetezeka yolowera pa netiweki ya kampani) ndi kuyendetsa pulogalamu ya kampaniyo pa kompyuta yake. Apa ndi pamene zimakanirira, chifukwa zilolezo zimachedwa kwa a IT, mwana n'kumangoyang'ana sikirini. Muzipemphe asanafike. Sabata yachiwiri akonze bug (cholakwika mu pulogalamu) yaing'ono, wina wodziwa aione ntchitoyo isanaphatikizidwe ku code yaikulu.

Ngati azigwira ali kuno ku Mzuzu, mugulireni inverter ndi bandulo yokwanira. Koma chonde, musamuike pa on-call (kudikira kuitanidwa pulogalamu ikavuta) usiku miyezi itatuyo isanathe.