Za DNA ya ma porpoise, yankho kwa achemwali a pa Mzuni

Dzulo ndalandila imelo ya mtsikana wina amene akuphunzira za nsomba pa Mzuni, akuti: "Achimwene, a sayansi akamatenga DNA ya ma porpoise amafuna aone chani, nanga ife opanda nyanja yamchere zikutikhudza pati?"

Achemwali, poyamba porpoise si nsomba ayi, ndi m'bale wa dolphin, amapuma mpweya komanso amayamwitsa ana. Vuto lake ndi wamanyazi, amangotulutsa msana kamphindi basi walowa, ndiye kungomuona simungadziwe kuti gulu ili ndi ilo ndi amodzi kapena ayi. Ndiye amatenga kachikopa kakang'ono, nthawi zambiri ka yemwe wafera mu ukonde kapena wakokoloka pagombe, nkuwerenga zizindikiro za mu DNA. DNA ya mu mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'maselo a thupi, imachokera kwa mayi yekha, ili ngati mbumba ya kwathu kuchikamwini, mumatsata mzere wa amayi mpaka kwa agogo. Zizindikiro zina zotchedwa ma microsatellite ndi ma SNP zimachokera kwa makolo onse, zimaonetsa amene akukwerana ndi ndani komanso ngati kukwerana pachibale kukuchuluka.

Izi ndi zomwe zinathandiza kutsimikiza kuti ma porpoise a mtundu wa harbour porpoise a mkati mwa nyanja ya Baltic ku Ulaya ndi gulu lapalokha, ndipo alipo pafupifupi 500 okha, sungawaphatikize ndi anzawo ambirimbiri a ku North Sea nkumati zinthu zili bwino.

Koma yomwe imandiwawa ine ndi vaquita, mtundu wina wa porpoise wa ku Gulf of California ku Mexico, atsala ngati 10 okha. Anthu ena ankati basi zatha, akwatirana pachibale afooka. Mu 2022 kafukufuku wina mu magazini ya Science anawerenga DNA yonse ya vaquita 20 ndipo anapeza kuti nyamazi zakhala zochepa kwa zaka masauzande, moti zoipa zambiri za mmagazi zinasefeka kale, zitha kuchulukanso ndithu. Chikuwapha ndi matchera omwe asodzi amatchera nsomba yotchedwa totoaba.

Matchera, achemwali, omwewa mumawaona atayanikidwa pamchenga ku Nkhata Bay. Chambo chathu chili ndi mitundu ingapo yofanana zedi, karongae, lidole, squamipinnis, ikakhala yaing'ono olo msodzi wakale amavutika kuisiyanitsa, ndipo mu 2018 bungwe la padziko lonse loona zosamalira zachilengedwe la IUCN linaiika pa mndandanda wa zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Njira zoisiyanitsira ndi zomwezi za DNA, kachidutswa ka chipsepse mu kabotolo ka ethanol, lembani malo ndi tsiku. Kafunseni aphunzitsi anu ngati polojekiti yanu ya chaka chomaliza ingakhale imeneyi, ine ndingakondwe kwambiri kuiwerenga.