Diso la amayi pambuyo pa opaleshoni ya macula

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake amayi akuonabe mwachimbuuzi patatha masiku 10 chiwachotsereni magazi amene anakha pansi pa macula (pakati penipeni pa retina, pamene timaonera zinthu bwinobwino), komanso ngati retina yawo, kachikopa kolandira kuwala kumbuyo kwa diso, idzabwerera mwakale.

Chimbuuzi cha pa tsiku la 10 chisakudetseni nkhawa. Pa opaleshoni imeneyi, yotchedwa vitrectomy, dokotala amachotsa madzi olenda a m'kati mwa diso, nthawi zambiri amabaya mankhwala a tPA osungunula magazi oundana, kenaka amadzaza diso ndi mpweya kuti ukankhire magaziwo kumbali. Mpweya ukadali m'diso, munthu sangaone bwino. Ukayamba kuchepa, amayi aziona mzere wakuda wogwedezeka ngati madzi a m'botolo, ndipo uzitsika tsiku ndi tsiku mpaka kutsala kathovu pansi. Mpweya wa SF6 umatha pa masabata awiri kapena kupitirirako pang'ono, pomwe wa C3F8 umakhala masabata 6 mpaka 8. Funsani kuti anaika uti. Usanatheretu, asakwere ndege ngakhale ulendo waufupi, chifukwa m'mwamba mpweyawo umafufuma, diso n'kupanikizika mpaka kuchita khungu. Amene akachitira opaleshoni ku India kapena ku Johannesburg asathamangire kugula tikiti yobwerera. Asapitenso kumalo okwera kwambiri ngati pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo akafuna kugonekedwa tulo pa opaleshoni ina, anene, popeza nitrous oxide, mpweya wogonetsa tulo, imafufumitsanso thovu la mpweya wa m'disolo. Za kuweramitsa mutu kapena kugona chafufumimba, atsatire ndendende masiku amene dokotala wawo ananena.

Funso lachiwiri ndiye lofunika kulimvetsa. M'disomo mukupola zinthu ziwiri zosiyana. Timabala ta opaleshoni timatsekeka msanga, kutupa kumaphwa pa masabata angapo, magazi otsala thupi limawayamwa. Koma timaselo tolandira kuwala tikafa sitimeranso. Magazi akakhala pansi pa macula amatsekereza chakudya cha timaseloti, ayironi wa m'magaziwo amatiwononga, ndipo akamauma amatikoka n'kuting'amba. N'chifukwa chake madokotala amafuna kuwachotsa pasanathe sabata imodzi kapena ziwiri. Timaselo tongofooka timatsitsimuka pang'onopang'ono, mwina kwa miyezi 3 mpaka 6, koma pamene papanga chipsera pamakhala banga losaona pakati penipeni. M'mbali amayi azionabe, moti kuyenda okha sikuvuta. Chimavuta n'kuwerenga Baibulo, kulowetsa ulusi pasingano ndi kuzindikira nkhope. Choncho musaweruze pano. Dikirani mpweya uthe, ajambule ndi makina a OCT oonetsa m'kati mwa retina, pamenepo ndiye mudzadziwa chimene chapulumuka.

Ambiri amalakwitsa poganiza kuti opaleshoni yathetsa matenda. Ayi ndithu. Timitsempha tachilendo timene tinachucha magazi tikadalipo, ndipo timaletsedwa ndi jakisoni wa m'diso monga Avastin, Lucentis kapena Eylea, kawirikawiri mwezi ndi mwezi kwa miyezi itatu yoyamba, kenaka amatalikitsa malinga ndi zimene OCT ikuonetsa. Akadumphitsa, timitsemphato timayambanso kuchucha. Ngati amasuta kapena kufwenkha fodya, asiyiretu, BP nayo iziyezedwa.

Pothira mankhwala odontheza, sambani m'manja, kamwa la botolo lisakhudze diso, ndipo pakati pa mtundu wina ndi unzake padutse mphindi 5 kuti wachiwiri usatsuke woyamba. A steroid, ochepetsa kutupa, sasiya mwadzidzidzi, amachepetsa pang'onopang'ono. Zitsamba, mkaka wa m'mawere kapena madzi a mchere zisayandikire disolo.

Musadikire tsiku la sikelo yawo ya maso ngati ululu ukukula, diso lafiira kwambiri kapena likutuluka mafinya, kuona kukucheperachepera, mutu ukupweteka mpaka kusanza, kapena akuona kung'anima ndi chimthunzi chochokera m'mbali. Zimenezi zimasonyeza tizilombo m'diso, kupanikizika kwa diso kapena retina yomatuka, ndipo n'zofunika dokotala wa maso tsiku lomwelo. Chimbuuzi chikadzabweranso pang'onopang'ono pakatha chaka kapena ziwiri, nthawi zambiri imakhala ng'ala, imene imafulumira pambuyo pa vitrectomy, ndipo iyo imachotsedwa ndi opaleshoni yaing'ono.