Kodi malo osungira agalu osawapha angayende ndi zopereka zokha? Yankho kwa mayi a ku Ntcheu

Mayi ena a ku Ntcheu, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, anandilembera kalata pa imelo ndipo andilola kuwayankha poyera popanda kutchula dzina lawo. Akuti pakhomo pawo pali agalu 14. Ena anawatola m'mbali mwa msewu wa M1 atagundidwa ndi galimoto, ndipo ena ndi ana agalu amene anthu anawataya kuseri kwa msika. Tsopano akufuna kumanga makola pamalo awo kufupi ndi Mlangeni kuti azilandira galu aliyense wosowa mwini, ndipo lamulo la pamalopo likhale lakuti palibe galu amene adzaphedwe. Ndalama akuziyembekezera kwa anthu akufuna kwabwino, makamaka owatsatira pa Facebook ndi achibale amene ali ku Johannesburg. Funso lawo ndi lakuti kodi zopereka zingakwanire, ndipo ngati zingakwanire, ayambire pati.

Mayi, ntchito imene mwaiyamba ndi yabwino ndipo ndikufuna kuti ikhalitse, n'chifukwa chake ndikuyankhani mosabisa. Zopereka zingathe kusamalira agalu amene chiwerengero chawo munachiikira kale malire, koma sizingathe kusamalira malo amene amalandira galu aliyense wobwera komanso satulutsa galu aliyense. Malonjezo awiri amene mwalembawa, lolandira onse ndi losapha, sangayendere limodzi pa ndalama zopempha. Muyenera kusiya limodzi, ndipo ine ndikupemphani kuti musiye loyambalo.

Galu wosamalidwa bwino amakhala ndi moyo zaka 10 kapena kuposerapo. Mukalandira galu wa chaka chimodzi n'kulonjeza kuti simudzamupha, mwatenga ngongole ya chakudya, katemera ndi mankhwala ya zaka pafupifupi 10, pokhapokha atapezeka munthu womutenga. Koma munthu wopereka sapereka motero. Iye amaona chithunzi cha galu wothyoka mwendo, mtima umamupweteka, amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba tsiku lomwelo, ndipo kwa iye nkhaniyo yathera pomwepo. Galu uja akachira n'kunenepa, chithunzi chake sichikhudzanso munthu, chikhalirecho amadya tsiku lililonse monga kale. Ndalama zimabwera pa tsiku lopulumutsa galu, pamene ndalama zambiri zimafunika m'zaka zonse zotsatira. Malo ambiri otere amagwera pamenepa, chifukwa mwini wake amazindikira kuti njira yokhayo yopezera ndalama zodyetsera agalu akale ndi kutola galu wina watsopano womvetsa chisoni, ndipo chiwerengero chimangokwera mwezi ndi mwezi kufikira makola atadzaza.

Tiyeni tiwerengere chakudya chokha. Galu wamkulu wa msinkhu wa agalu athu achikudawa amafuna chakudya chouma chokwana magalamu 300 kapena 400 pa tsiku. Mukafika pa agalu 40, ndipo kufikapo sikuchedwa anthu akamva kuti pali malo olandira agalu, ndiye kuti pa tsiku mukufuna makilogalamu osachepera 12, pa mwezi makilogalamu 360, omwe ndi matumba oposa 7 a makilogalamu 50. Chakudya cha agalu cha m'mapaketi chimene chimagulitsidwa m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe simungachikwanitse pa chiwerengero chimenechi, choncho mudzaphika nokha mgaiwa kapena gaga, n'kusakaniza ndi soya wokazinga, bonya, ndi zotsala za kubutchala. Gaga yekha sakwanira, chifukwa galu wodya gaga yekha amakhuta koma amawonda, ubweya umathothoka, ndipo matenda samuchedwa. Kuphika mphika wa agalu 40 kumafuna nkhuni tsiku lililonse, madzi ambiri, ndi munthu wophika.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti mtengo wa zinthu zimenezi ndi mphamvu za anthu opereka zimayenda mosemphana. Mu Januwale ndi Febuluwale chimanga chimakwera mtengo, gaga amasowa pachigayo chifukwa alimi a nkhumba amamulimbirana ndipo m'chaka cha njala anthu amamudya okha, ndipo m'miyezi yomweyo amene amakuthandizani amakhala akulipira fizi ndi kubweza ngongole za feteleza. M'chaka cha 2024, chilala cha El Niño chitachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, aliyense wodyetsa ziweto ndi chimanga chogula anaona momwe mtengo umathawira. Ngati mukufuna kupulumuka, chimanga ndi soya wa chaka chonse muzigula pa nthawi yokolola, mu Meyi ndi Juni, ku Lizulu kapena kwa alimi oyandikana nawo, ndipo muzisunga ndi mankhwala oteteza ku anankafumbwe. Kutero kumafuna ndalama zambiri nthawi imodzi, zimene zopereka za apa ndi apo sizibweretsa.

Mankhwala ndiwo amabwera mosapangana. Katemera, mankhwala a njoka za m'mimba, a nkhupakupa, a mphere, ogonetsa pochita opaleshoni, pafupifupi onse amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo munthu amene ankakutumizirani K10,000 pa mwezi sanawonjezere ndalamayo chifukwa chakuti mankhwala akwera. Matenda amene ndimawaopa kwambiri pa malo osonkhanitsa agalu ndi parvo, amene amachititsa ana agalu kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi. Kachirombo kake kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri, choncho mwana wa galu mmodzi wodwala akalowa m'khola la dothi, khola limenelo limapitiriza kupha ana ena obwera pambuyo pake. N'chifukwa chake pansi pa makola pamafunika simenti yoti muzitsuka ndi madzi a klorini, ndipo pamafunika khola lapadera, lotalikirana ndi ena, losungiramo galu watsopano kwa milungu iwiri asanasakanizidwe ndi anzake. Katemera amafuna furiji yosazima, ndipo magetsi athu mukuwadziwa. Mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu angakuthandizeni pa katemera ndi matenda ang'onoang'ono, koma galu wothyoka fupa amafuna dokotala wa ziweto wokhala ndi zipangizo, ndipo kuchokera ku Mlangeni kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100, pa galimoto yochita kubwereka, poti minibasi singakunyamulireni galu wovulala.

Antchito musawawerengere ngati ongodzipereka. Munthu wotsuka makola m'mawa wa mu Juni, kuzizira kwa kumapiri kwathu kuno kutafika pachimake, ayenera kulandira malipiro osachepera amene boma linakhazikitsa, ndipo ayenera kubayidwa katemera wa chiwewe iyeyo asanalumidwe. Malo amene amachitira chifundo agalu koma antchito ake akuyenda miyezi iwiri osalipidwa ataya kale ulemu wa mudzi wowazungulira.

Mwina munamva za malo otere a ku America ndi ku Britain, ndipo n'koyenera kudziwa chimene chimawayendetsa. Ku San Francisco, m'chaka cha 1994, bungwe losamalira nyama la mumzindawo linagwirizana ndi akuluakulu a mzinda kuti galu kapena mphaka wathanzi asaphedwenso chifukwa chosowa malo, ndipo maganizowa anafalikira kuchokera kumeneko. Muyeso umene amagwiritsa ntchito ndi wakuti nyama 90 mwa 100 zilizonse zolandiridwa zipulumuke. Sanena kuti 100 mwa 100, chifukwa amavomereza kuti galu amene akuvutika ndi matenda osachiritsika, kapena wolusa moti angaphe munthu, dokotala amamubaya jakisoni woti afe mosamva ululu. Inunso lamulo lanu mulilembe motero kuyambira pachiyambi: simupha galu chifukwa cha kuchepa kwa malo kapena ndalama, koma simusunga galu m'masautso pofuna kuteteza dzina la malo anu. Galu amene wayamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe sachira, ndipo nkhani yake iyenera kupita msanga kwa a zaulimi ndi ziweto a boma. Galu amene waluma munthu atsekeredwe payekha masiku 10 kuti aonedwe, wolumidwayo atsuke bala ndi sopo kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachiwiri chimene chimayendetsa malo akunjawo n'chakuti agalu amatuluka. Mabanja amabwera kudzatenga galu wamkulu n'kulipirapo ndalama, ena amasunga galu kunyumba kwawo kwa kanthawi, ndipo mabungwe akuluakulu amalandira chuma chimene anthu amawasiyira akamwalira. Kuno kwathu munthu wofuna galu amafuna mlonda wa pakhomo kapena wopita naye kuuzimba, ndipo amakonda mwana wa galu woti amuzoloweze yekha, amene angamupeze kwaulere kwa mnansi wake. Amene ali ndi ndalama amafuna German Shepherd kapena Boerboel. Galu wachikuda wa zaka 5, wa miyendo itatu, mwayi wake wopeza mwini ku Ntcheu ndi wochepa kwambiri, ndipo muyenera kumuwerengera ngati wanu mpaka imfa yake.

Tsono ndikanakhala inu ndikanachita motere. Ndisanagule njerwa ngakhale imodzi, ndikanalemba m'kope ndalama iliyonse imene agalu 14 amene alipowa akudya kwa miyezi itatu, kuphatikizapo nkhuni, sopo ndi thiransipoti, n'kugawa kuti ndidziwe mtengo wa galu mmodzi pa mwezi. Kenako ndikanawerenga ndalama zimene zimalowa mwezi uliwonse mosalephera, osati zimene anthu alonjeza m'makomenti, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama zotsimikizikazo mukazigawa ndi mtengo wa galu mmodzi, nambala imene yatulukayo ndiyo malire anu, kaya ndi 16 kaya ndi 20, ndipo pambali pake pakhale ndalama za miyezi itatu zimene simuzikhudza. Anthu 30 opereka K5,000 mwezi uliwonse ndi odalirika kuposa munthu mmodzi wa kunja wopereka ndalama zambiri, chifukwa mmodziyo akachotsedwa ntchito kapena akatopa, agalu onse agona ndi njala. Opereka pamwezi amakhalitsa akamaona malisiti, choncho mwezi ukatha muziwaonetsa zimene zalowa ndi zimene zatuluka, ndipo ndalama za agalu zikhale pa nambala ina, osati imene mumalandirirapo penshoni. Mukayamba kulandira ndalama za anthu ambiri, lembetsani bungwe lanu mwalamulo, likhale ndi matrasti, amene ndi anthu osankhidwa kuti aziyang'anira ndalama ndi katundu wa bungwelo, ndipo mufunse ku NGORA, ofesi yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, zimene lamulo la mabungwewa likufuna kwa inu. Matrastiwo ndi ofunikanso pa chifukwa china chimene anthu sakonda kuchitchula: mukadwala miyezi iwiri, pakhale munthu wodziwa kumene chakudya chimagulidwa ndi amene ali ndi mphamvu yotapa ndalama.

Ndalama zimene mukanamangira makola a agalu 40 ndikanazipititsa ku ntchito yochepetsa agalu otayidwa. Galu wamkazi angathe kutenga bere kawiri pa chaka, bere lake ndi la masiku pafupifupi 63, ndipo kawirikawiri amaswa ana 5 kapena 6. Ana amene mumawatola kuseri kwa msika aja sachokera kutchire. Amachokera m'makomo a anthu amene galu wawo waswa ndipo alibe chowadyetsa. Opaleshoni yotseka galu wamkazi kapena kufula wamwamuna imalipiridwa kamodzi, galuyo amabwerera kwa mwini wake amene apitiriza kumudyetsa, ndipo inu simutenga ngongole ya zaka 10 ija. Bungwe losamalira nyama la LSPCA, limene linayamba mu 2008 ku Lilongwe, limagwira ntchito yotereyi m'madera, ndipo ndi bwino kulilembera kalata kufunsa ngati lingagwire nanu ntchito kapena kukulozerani dokotala woti azibwera masiku oikika.

Mudzakumananso ndi anthu okufunsani chifukwa chake mukupemphera agalu ndalama pamene ana m'mudzimo akugona ndi njala. Funsoli musalinyoze, chifukwa ofunsawo akunena zimene akuziona. Yankho limene anthu a kwathu amalimva ndi la chiwewe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, kuti pafupifupi onse amawatenga kwa agalu, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa katemera chaka ndi chaka, matendawa amasiya kufalikira. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Mukapita kwa mfumu, kwa ansembe kapena kwa eni magolosale a pa Mlangeni n'kunena kuti pa 28 Seputembala, tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, mukufuna kubayitsa agalu a midzi itatu mogwirizana ndi mlangizi wa ziweto, mudzapeza anthu opereka amene sakanapereka kanthu pa makola.

Chovuta kwambiri chidzakhala tsiku limene malire anu akwana ndipo mnyamata wafika pachipata ndi katoni ya ana agalu. Konzekerani tsikulo lisanafike. Funsani kumene make wa anawo ali, lonjezani kuti mudzamutseketsa kwaulere, perekani mankhwala a njoka ndi kathumba ka ufa wa soya, ndipo pemphani kuti anawo akhalebe kwa make kufikira atakwana milungu 8 pamene inu mukuthandiza kuwafunira makomo. Khalani ndi mabanja atatu kapena anayi odalirika amene angasunge galu wovulala kwa mwezi umodzi inu mukupereka chakudya. Kope la miyezi itatu lija likadzaza, nditumizireni manambala ake kuti tiwerengere limodzi malire anu musanaitane mmisiri.