Mafunso a owerenga: asayimenti yatsala usiku umodzi, magetsi azima ku Harare

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa ana athu amene akuphunzira ku Harare, ndipo akudandaula chinthu chimodzi: ntchito ya kusukulu ikuunjikana pamene nthawi sikuoneka kumene ikupita. Tasankhapo anayi. Oyankha ndi aphunzitsi ndi alangizi a ophunzira amene amathandiza tsamba lino.

FUNSO: Akonzi, kwathu ndi ku Dedza ndipo ndili chaka chachiwiri pa yunivesite ina kuno. Asayimenti amatipatsa kutatsala masabata awiri, koma ine ndimayamba usiku womaliza. Masiku onsewo ndimatsegula laputopu, kuyang'ana funso, kenako ndimangopezeka ndikuchapa zovala kapena kusesa m'chipinda. Kusekondale sindidali chonchi. Kodi ndasanduka waulesi?
Mnyamata wa ku Mount Pleasant

YANKHO: Achimwene, waulesi sachapa, sasesa. Inu ntchito mukugwira ndithu, kungoti mukusankha imene mukudziwa poyambira ndi pothera pake, n'kuthawa imene ikukusowetsani mtendere. Mukayang'ana funso lija mumagwidwa ndi mantha oti mwina simukulimvetsa, kapena kuti zimene mulembe zikaoneka zachibwana pamaso pa lekichala. Mukatseka laputopu mantha amatha pomwepo, ndipo mutu umazolowera kuti mankhwala ake ndi kutseka. Akatswiri a zamaganizo Fuschia Sirois ndi Timothy Pychyl adafotokoza zimenezi mu 2013: wozengereza amadzitonthoza lero, mtolo n'kuusiyira munthu wa mawa, amenenso ndi iye yemweyo. Akuluakulu adaziona kale, n'chifukwa chake amati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kusekondale nthawi ankakusungirani ndi ena. Belu linkalira, prep inali ndi ola lake, mphunzitsi ankaona kope m'mawa mwake. Kuno kulibe mayi kapena malume wofunsa ngati mwawerenga, ndiye belu limenelo muyenera kudziikira nokha.

Choyamba, fufutani mawu oti "kulemba asayimenti" pa ndandanda yanu. Ntchito imeneyo ndi yaikulu moti dzanja silidziwa pogwira. Tiyerekeze kuti akufuna mawu 2,000 m'masiku 14. Tsiku lomwelo lolandira funso patulani mphindi 30 zokha. Koperani funsolo papepala ndi dzanja, dulani mzere kunsi kwa mawu okuuzani chochita, kaya ndi kufotokoza, kuyerekeza kapena kutsutsa, kenako lembani m'Chichewa chiganizo chimodzi chonena zimene lekichala akufuna. Chikakukanikani chiganizo chimenecho ndiye kuti funso simunalimve, ndipo mukafunse m'mawa mwake, nthawi ikadalipo.

Kuyambira tsiku la 2 mpaka la 5 pezani mabuku kapena nkhani 5 kapena 6. Pa iliyonse lembani mfundo zitatu, dzina la wolemba, chaka ndi nambala ya tsamba nthawi yomweyo. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amasiya nambala ya tsamba poti adzabwereranso, n'kudzataya usiku wathunthu kumapeto akusakasaka kumene adatenga mawu. Tsiku la 6 lembani mitu ya ndime zanu. Kuyambira la 7 mpaka la 10 lembani mawu 500 patsiku osabwerera m'mbuyo kukonza chiganizo, chifukwa kulemba ndi kukonza pa nthawi imodzi kumaimitsa munthu pa ndime yoyamba. La 11 musaigwire n'komwe. La 12 iwerengeni mokweza mukukonza, la 13 malizani mndandanda wa mabuku n'kupereka. Tsiku la 14 lisiyireni intaneti yokana kulowa, pulinta yotha inki ndi magetsi.

Musakhulupirire kwambiri mawerengedwe anu a nthawi. Mu 1994 Roger Buehler ndi anzake ku Canada adafunsa ophunzira a chaka chomaliza kuti kafukufuku wawo atha liti. Ophunzirawo adayembekezera masiku pafupifupi 34, koma adatenga pafupifupi 55. Choncho ntchito imene mukuti ya maola awiri muziipatsa atatu.

"Ndiwerenga mawa" si lonjezo loti munthu n'kulisunga. Lembani ola, malo ndi muyeso: "Lachiwiri kalasi ya 10 koloko ikatha, ndipita ku laibulale, ndikawerenga masamba 10 a nkhani yoyamba." Mukakhala pansi tcherani wotchi mphindi 25, mupume 5, ndipo mukabwereza kanayi mupume mphindi 20 kapena 30. Njira imeneyi adaiyambitsa Francesco Cirillo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, iyenso ali wophunzira pa yunivesite. Imawonongeka ndi chinthu chimodzi: kupumira pa foni. Mphindi 5 za pa TikTok sizithera pa 5. Imirirani, imwani madzi, bwererani pampando.

FUNSO: Ndimakhala ndi azakhali anga ku Highfield, ndipo kuti ndikafike kusukulu ndimakwera makombi (maminibasi) awiri. Ndikamafika madzulo kumakhala kuphika ndi mbale zikundidikira, nthawi zambiri magetsi atazima. Ndalemba ndandanda ya kawerengedwe katatu konse, yonse imafa sabata isanathe. Ndikulakwitsa pati?
Mtsikana wa ku Highfield

YANKHO: Achemwali, ndandanda zanu zikufa chifukwa mukuzilemba ngati kuti maola onse ndi anu. Tengani pensulo tiwerenge. Sabata ili ndi maola 168. Chotsani 56 a tulo. Tiyerekeze kuti makalasi ndi maola 20, ulendo wa makombi ndi kudikira pa renki maola atatu patsiku masiku asanu, amenewo ndi 15, kuphika, kudya, kusamba ndi kuchapa maola 25, tchalitchi ndi alendo 8. Atsala 44, ndipo ambiri mwa amenewa ndi zidutswa: mphindi 40 apa, ola limodzi pakati pa makalasi apo. Ikani manambala anu enieni, mudzaona kuti ndandanda yoti "kuwerenga 7 mpaka 11 usiku uliwonse" idalembedwera munthu wina.

Za magetsi musaziwerengere ngati ngozi yobwera mwadzidzidzi. Gawo lalikulu la magetsi a dziko la Zimbabwe limachokera ku damu la Kariba, ndipo madzi atatsika mu 2019 komanso kumapeto kwa 2022, madera ambiri a mu Harare ankakhala mumdima mpaka maola 18 patsiku. Wophunzira wa kuno ayenera kugawa ntchito yake malinga ndi zimene ntchitoyo ikufuna. Yofuna intaneti ndi soketi, monga kufufuza nkhani, kutaipa ndi kutumiza, ichitidwe kusukulu masana, pa maola apakati pa makalasi aja amene ambiri amathera pocheza. Musanachoke pasukulu, tsitsani ma PDF onse a usiku umenewo ndipo laputopu ndi foni zikhale zodzaza. Ngati mumalembera mu Google Docs, batani lolola kulemba popanda intaneti liyenera kuyatsidwa mudakali pa intaneti. Mukakumbukira muli kunyumba mumdima, mwachedwa. Kunyumba kusiyireni ntchito ya pepala ndi pensulo: kukonza mitu ya ndime, masamu, kuyankha mafunso a mayeso akale. Nyale ya sola yapatebulo ikwanira, ndipo power bank ya 20,000 mAh imadzaza foni wamba pafupifupi katatu.

Maola 15 a mu kombi sitingawataye onse. Buku lalikulu simungalitsegule mutapanikizana anayi pa mpando, ndipo kutulutsa foni pa renki yodzaza anthu ndi kuitana akuba. Dulani timakadi ta pepala lolimba tokwana m'dzanja, funso mbali ino, yankho kuseri, timakadi 15 kapena 20 tomangidwa ndi labala. Dzifunseni kaye musanatembenuze. Hermann Ebbinghaus adaonetsa kale mu 1885 kuti zimene munthu waphunzira zimaiwalika msanga kwambiri m'maola ndi masiku oyamba, ndipo kuzibwereza patapita nthawi n'kumene kumazikhazika. Choncho phunziro la Lolemba libwerezedwe Lachiwiri, kenako Lachisanu, kenako sabata yotsatira. Ngati n'kotheka nyamukani m'mawa mzere wa magalimoto olowa m'tauni usanayambe. Ola limene mukadathera pamsewu mudzalithera mu laibulale.

Nkhani ya pakhomo ndiyo yofuna nzeru. Azakhali akusungani, ndipo kuzemba ntchito mwakachetechete kudzabweretsa mawu amene adzafika mpaka kumudzi. Khalani nawo pansi tsiku limene apuma, aonetseni pepala la masiku a mayeso ndi opereka ntchito, ndipo pemphani kuti ntchito zanu zikhale zodziwika: mwachitsanzo kuchapa konse Loweruka m'mawa ndi kuphika masiku atatu, kuti madzulo a masiku enawo akhale a mabuku. Akuluakulu ambiri savuta akaona masiku atalembedwa. Chimene chimawakwiyitsa n'kuuzidwa kuti "ndili ndi mayeso" mphika uli kale pamoto.

Tikuchenjezeninso za kudzuka 3 koloko usiku. M'miyezi ya June ndi July Harare amazizira kwambiri, ndipo ndandanda yodalira kutuluka m'bulangete nthawi imeneyo sikhalitsa. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9 a tulo. Mukawadula, zimene mwawerenga sizikhala m'mutu.

FUNSO: Foni yanga sipuma. Gulu la banja, gulu la kutchalitchi kwathu ku Zomba, anzanga a kusekondale. Ndikapanda kuyankha amati ndayamba kunyada poti ndili kunja. Komanso kunena zoona ndimasowa kwathu, ndiye ndimangokhalira pa WhatsApp.
Wophunzira wa ku Belvedere

YANKHO: Kusowa kwanu si mlandu, ndipo sitikuuzani kuti mudule abale. Mwayi wanu ndi woti wotchi ya Harare ndi ya ku Malawi ndi imodzi, ndiye n'kosavuta kupangana ola. Auzeni makolo kuti muziwaimbira Lachitatu ndi Lamulungu 7 koloko madzulo, ndipo ola limenelo muzilisunga osaphonya. Woimbiridwa pa nthawi yake sadandaula za kunyada. Sankhani m'bale mmodzi woti pakagwa matenda kapena maliro akuimbireni mwachindunji, kenako magulu onse muwatseke mawu. Ngati foni yanu ndi ya Android, tsegulani Digital Wellbeing, gawo loonetsa nthawi imene mwathera pa foni, muone maola amene WhatsApp ndi Facebook zadya sabata yatha. Powerenga, foni ikhale m'chikwama chotseka, osati chafufumimba patebulo, chifukwa dzanja limapitako lokha.

Anthu a kwathu aliponso konkuno. Ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku kuli mabanja ochokera ku Malawi amene adakhazikika kalekale, ndipo mpingo wa CCAP uli ndi sinodi yake ya Harare. Kumva Chichewa pamaso ndi pamaso kamodzi pasabata kumachepetsa njala imene mukuyesa kuithetsa ndi foni.

Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposa simukugona bwino, chakudya sichikulowa, ndipo zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, imeneyo si nkhani ya ndandanda. Ashona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso. Pitani kwa alangizi a pasukulu panu kapena ku kiliniki. Ntchito ya Friendship Bench, imene adayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Mbare, imaika agogo ophunzitsidwa bwino pa mabenchi a m'makiliniki kuti azimvetsera anthu ovutika chonchi.

FUNSO: Ndili chaka chomaliza. Supavaiza wanga, mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanga, adandibwezera chaputala choyamba cha kafukufukuyo chili chofiira ndi zolakwika, ndipo papita masabata 6 ndisanapitekonso. Ndikawaona pakhonde ndimakhota. Tsopano ndikuchita manyazi ngakhale kulemba uthenga.
Wophunzira wa ku Avondale

YANKHO: Chaputala chofiira ndi umboni woti adachiwerenga mzere ndi mzere, ndipo chaputala choyamba cha pafupifupi aliyense chimabwerera chotero. Choopsa ndi masabata amene akupitawa, pakuti kwa wophunzira wochokera kunja semesita yoonjezera imatanthauza fizi ina, lendi ina, komanso kukonzetsanso chilolezo chokhalira m'dziko ngati wophunzira. Tsegulani pasipoti yanu lero, onani tsiku limene chilolezocho chikutha, ndipo ikani chikumbutso miyezi itatu lisanafike.

Kenako tengani chaputalacho ndi mapepala awiri. Pa loyamba lembani zolakwika zing'onozing'ono: kalembedwe ka mawu, zizindikiro, mndandanda wa mabuku. Zimenezi zimaoneka zambiri koma zimatha m'masiku awiri, ndipo pulogalamu yaulere ya Zotero ikuthandizani kusanja mabukuwo. Pa lachiwiri lembani zazikulu, monga funso la kafukufuku losamveka kapena njira yosonkhanitsira mfundo. Nthawi zambiri sizipitirira zitatu kapena zinayi, ndipo zimenezi ndi zimene mukufunika kukambirana ndi supavaiza. Musadikire kuti mukonze zonse kaye. Ntchito yanu isungidwe malo awiri, pa flash ndi pa imelo yanu, tsiku lililonse mukamaliza.

Uthengawo utumizidwe lero dzuwa lisanalowe, ndipo usakhale wautali kapena wodzaza zifukwa. Ziganizo zitatu zakwana: kupepesa kuti mwakhala chete, kunena kuti zolakwika zing'onozing'ono mutumiza zitakonzedwa pofika Lachisanu, ndi kupempha mphindi 20 sabata yamawa kuti mukambirane mfundo zikuluzikulu zija. Popita kumeneko nyamulani pepala lachiwiri lija, ndipo musatuluke mu ofesimo musanagwirizane tsiku lopereka chaputala chachiwiri.