Boolani khomalo, koma utuchi utsale m'dramu

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kuboola khoma la shopu yanu ya ukalipentala ya kuseri kwa nyumba kuti makina okoka utuchi azilavulira panja, poti thumba lake lija likungofwenthera fumbi m'kati momwemo. Ine ndikuti boolani. Matumba ansalu obwera ndi makina otchipawa amagwira utuchi wooneka ndi maso, koma fumbi losalala la sandipepala limadutsa, ndipo limenelo ndi lomwe limafika m'mapapo. Mu 1995 bungwe lofufuza za khansa la IARC, la pansi pa WHO (bungwe loona za umoyo padziko lonse), linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno, ndipo la mitengo yolimba ndiye loopsa kwambiri. Inu mumapala mlombwa ndi mbawa. Mphumu sitinena.

Amene akukuletsani kuboola akubwereza za ku Ulaya, komwe kutulutsa mpweya panja n'kutaya kutentha kogula ndi ndalama. Kuno ku Nkhotakota, mu Okutobala, ndani angadandaule kuti mpweya wotentha wachoka pansi pa malata?

Chimene sindikuvomera n'kungoloza paipi panja utuchi wonse n'kumauluka. Anzanu a mpanda umodzi ayanika chinangwa cha kondowole, ena mpunga pamkeka, ena zovala za ana pachingwe. Mlandu wake ukafika kwa amfumu simukawina, ndipo ine sindingakuikireni kumbuyo.

Pezani dramu yachitsulo ya malita 200 yokhala ndi chivundikiro, muiike pakati pa makina opalira ndi fani ya makina okoka utuchi. Paipi yochokera ku pulena ilowe chakumbali kwa chivundikirocho, m'kati muike chigongono choloza m'mbali mwa dramu kuti mpweya uzizungulira. Yopita ku fani ituluke pakatikati penipeni. Cholemera chimagwera pansi, chopita panja ndi mpweya ndi kafumbi pang'ono. Chivundikiro chitsekedwe ndi mphira wa chubu, chifukwa pakangotsala kampata mpweya wolowa pamenepo umadzutsanso utuchi uja. Muzikhuthula isanadzaze. Ngati muli ndi wowotcherera wodziwa kupinda chitsulo, akupangireni cyclone, chitsulo chooneka ngati fanele chozungulitsa mpweya, yoika pamwamba pa dramupo, imasefa bwino kuposa apa. Dramu imagwiranso misomali ndi tizidutswa tisanamenye mapiko a fani, komwe kungathethekere moto. Ndipo utuchi wouma oweta nkhuku amagula, bola musawasakanizire wa MDF (matabwa opangidwa ndi utuchi womatidwa ndi guluu) kapena wa mitengo yothiridwa mankhwala a chiswe.

Paipi ikhale ya mamilimita 100 kapena kuposa, yaifupi, yopanda makona akuthwa. Zigongono ziwiri za madigiri 45 zimaposa chimodzi cha 90. Kuti utuchi usagone m'njira, mpweya umafunika kuthamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi, ndiye paipi yofewa yamakwinya ija musaichulutse, imadya mphamvu.

Khoma loboola lisankheni poganizira mwera. Miyezi yozizira umawomba kuchokera kumwera chakum'mawa, tsono mukatulutsira mbali imeneyo fumbi lizibwerera pakhomo panu, ndipo mukatulutsira kwina onani kaye kuti likupita pabwalo la yani, pazenera la yani, pachitsime chiti. Kunja paipi iweramire pansi kuti mvula isalowe. Sefa wa udzudzu musaikepo, amatsekeka msanga. Kachitseko kolendewera kotseguka ndi mphepo ya fani n'kokwanira kuletsa makoswe ndi mavu.

Apa ndiye mundimvetsetse. Mpweya wonse wotuluka uyenera kulowanso penapake. Makina okoka utuchi a mota ya mphamvu ya 1 HP (horsepower imodzi) amalembedwa kuti amakoka pafupifupi ma cubic metre 1,000 pa ola, pamene shopu ya mamita 4 kwa 5, yotalika mamita 3, ili ndi 60 basi. Ndiye kuti mphindi zinayi zisanathe mpweya wonse wasinthidwa. Mukatseka zitseko, makina amafooka ndipo amakoka kudzera paliponse pali mpata. Ngati shopu yalumikizana ndi khitchini momwe mayi a ana ayatsa mbaula ya makala, kapena jenereta ikulira pafupi ndi zenera magetsi atazima, muzipuma mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, womwe sununkha n'komwe. Siyani zenera lotseguka ku khoma loyang'anizana ndi potulutsirapo, jenereta ikhale kutali.

Mukachotsa thumba, fani imakankha mpweya wambiri ndipo mota imadya magetsi ochulukirapo. Masiku oyamba muziigwira. Ikamatentha mosagwirika, tsekani pang'ono polowera mpweya, kapena muitane wamagetsi ayeze ma amp n'kufananitsa ndi olembedwa pa mota.

Masiki yosefa fumbi ya N95 musaitaye ayi, makamaka pokwecha ndi sandipepala kapena podula MDF, chifukwa paipi sigwira fumbi lonse. Anyamata anu othandizira muwagulirenso zawo.