Za Green Card ndi makolo ochokera ku Mozambique: yankho kwa achimwene amene afunsa

Achimwene, mwafunsa ngati munthu amene wakhala kunja zaka zambiri, kapena amene akumunena kuti makolo ake anachokera ku Mozambique, angaloledwe kupikisana nawo pa mpando wa mtsogoleri wa dziko. Pamenepa pali nkhani ziwiri zosiyana, ndipo tikukanganirana m'gulu muno chifukwa ambiri akuziphatikiza.

Gawo 80 la Malamulo aakulu a dziko lino limati wofuna upulezidenti akhale nzika ya Malawi mobadwa kapena kudzera mwa makolo ake, ndipo akhale atakwanitsa zaka 35. Pa za kubadwa, mawu ndi omwewo basi. Silifunsa kumene agogo ake anabadwira, silifunsa mtundu wake. Mwana wobadwira ku Kitwe kapena ku Bulawayo, bambo ake ali Mmalawi amene anapita kukagwira ntchito, ndi nzika kudzera mwa makolo. Amene chitseko chamutsekera ndi mlendo amene anachita kupempha unzika n'kupatsidwa.

Nkhani yachiwiri ili m'gawo lomwelo, pamene pali mndandanda wa anthu oletsedwa. Pali amene khoti linamupeza kuti mutu wake sukuyenda bwino, amene analephera kubweza ngongole mpaka khoti kumulengeza kuti wagwa, amene anapezeka wolakwa pa mlandu wachinyengo m'zaka 7 zapitazo, msilikali kapena wapolisi amene adakali pa ntchito. Pamndandanda womwewo pali munthu amene ali womangika kumvera ndi kukhulupirika ku dziko lina. Apa ndiye pamene pagona mkangano weniweni, osati pa makolo.

Tinaziona chisankho cha 2014 chisanachitike. A Peter Mutharika anaphunzitsa zamalamulo zaka zambiri ku Washington University, mumzinda wa St. Louis ku America, ndipo anthu ena ankati iwo ndi nzika ya kumeneko. Eni ake anakana, n'kunena kuti chimene anali nacho ndi Green Card. Green Card ndi chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito ku America mpaka kalekale, koma mwini wake savota pa chisankho cha pulezidenti wa kumeneko ndipo amayendera pasipoti ya kwawo. Ali ngati munthu wa lendi amene wakhalitsa m'nyumba, nyumbayo siisanduka yake. Komabe iwo anaibweza Green Card ija kumayambiriro kwa 2014, dzina lawo linalowa pa pepala lovotera, n'kupambana mu Meyi chaka chomwecho. Wolumbira kukhala nzika ya America ndi wina: ameneyo amakweza dzanja n'kulonjeza kuti wasiya kukhulupirika ku dziko lina lililonse. Mwa kuona kwanga, munthu wotere sangathawe chiletso chija pokhapokha atautaya unzikawo poyera, zikalata zili m'manja.

Ena akuti poti Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018 ndiye kuti nkhani inatha. Ayi. Limenelo ndi lamulo la unzika, lothandiza abale athu a ku Johannesburg ndi ku London kuti asataye Umalawi wawo. Silinafufute mawu a m'gawo 80, ndipo lamulo wamba silingapose Malamulo aakulu.

Tsopano za makolo. Apa ndikupemphani tonse tipondepo pang'onopang'ono, makamaka ife a ku Zomba. Pitani ku Jali, ku Mayaka, ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mukafunse achikulire kumene makolo awo anachokera. Alomwe ambiri analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique nthawi ya atsamunda, ena pothawa nkhanza za Apwitikizi. Ayao nawonso anachokera mbali yomweyo. Angoni anachokera kumwera, ndipo Achewa nawonso mbiri yawo imaloza ku Congo. Malire anajambulidwa ndi azungu anthu ali kale pakati pokwatirana tsidya lino ndi tsidya ilo. Komanso aliyense wobadwa pasanafike pa 6 Julayi 1964 anabadwira mu Nyasaland, dziko lotchedwa Malawi kunalibe. Tikayamba kufukula agogo a munthu mmodzi, ndani m'gulu muno adzatsale?

Anzathu a ku Zambia anayesa. Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linasintha malamulo kuti wopikisana nawo akhale woti makolo ake onse awiri ndi a ku Zambia. Aliyense ankadziwa amene ankamutchera: Kenneth Kaunda, amene bambo ake, David Kaunda, anachokera kuno kwathu n'kukagwira ntchito ya mishoni ku Lubwa, m'boma la Chinsali. Munthu amene analamulira Zambia kuyambira 1964 mpaka 1991 analetsedwa kuima, ndipo mu 1999 khoti la ku Ndola linafika ponena kuti si nzika. Chodabwitsa, Chiluba yemweyo anamutengera kukhoti anthu omunena kuti magazi ake ndi a ku Congo. Lamulo lomwelo linadzatchinganso Guy Scott, amene anagwirizira mpando pulezidenti Michael Sata atamwalira mu 2014 koma sakanatha kupikisana nawo chifukwa makolo ake anachokera ku Britain. Ku Ivory Coast zinafika poipa kwambiri: Alassane Ouattara anamuletsa mu 2000 pomunena kuti ndi wa ku Burkina Faso, ndipo mu 2002 dzikolo linalowa m'nkhondo yapachiweniweni.

Ngakhale Kamuzu sanapulumuke mphekesera zotere. Atabwera mu 1958 ankalankhula Chingerezi pamisonkhano, a John Msonthi n'kumamasulira, ndiye mpaka lero mudzapeza munthu pa bawo akulumbira kuti sanali mwana wa ku Kasungu.

Amene akufuna kuti munthu aonetse chikalata cha kubadwa akumbukire kuti kulembetsa ana onse obadwa kwayamba posachedwapa, ndipo ziphaso za unzika ambirife tinazilandira mu 2017. Munthu wa zaka 60 kapena 70 wobadwira kumudzi angathe kukhala wopanda chikalatacho, koma mfumu, abale ndi mabuku a tchalitchi kapena a sukulu akumudziwa.

Ngati wina ali ndi umboni woti wopikisana nawo analumbira unzika wa dziko lina ndipo sanautaye, njira ilipo. Akapereke dandaulo ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC, limene limaunika zikalata za ofuna kuima. MEC ikagamula mosamukomera, apite ku Khoti Lalikulu, ndipo nthambi yake ili konkuno ku Zomba. Kumeneko adzafuna pasipoti, chikalata cha lumbiro kapena kalata ya ofesi ya kazembe. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp woti "ndamva kwa msuweni wanga wa ku Texas" woweruza saulandira.